Mbuzi Imene Sinadutse Pamsewu wa ku Mbungo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu, inu a pachilumba pano ndi inu amene muli kumtunda. Ine ndinali woyendetsa takisi pa Likoma. Ndikufuna ndikuuzeni mmene takisiyo inandithera m'manja, komanso za bodza limene ndinalisenza miyezi isanu ndi iwiri.

Ndikati takisi musaganize zazikulu. Kanali kagalimoto ka matayala atatu, kachikasu, ndipo anthu anakapatsa dzina loti Nkhululu chifukwa cha kulira kwake. Pachilumba chonse okhala ndi mtundu umenewu tinalipo awiri, ine ndi mnzanga Yohane. Tsiku la sitima tinkanyamula anthu ndi katundu padoko, masiku ena odwala ndi amayi a geni. Tinkawatula pothera msewu, kotsalako n'kumalizitsa wapansi.

Tsiku lina tonse awiri tinalandira uthenga pafoni kuchokera kwa amene anatigulitsa. Unkati kampani yopanga magalimotowa yapeza kuti chitsulo china cha chiwongolero chimathyoka galimoto ili pa ulendo. Tisiye kunyamula anthu tsiku lomwelo, titumize magalimoto kutauni kuti akasinthe chitsulocho ulere. Yohane ndi munthu womvera, anakweza yake m'sitima sabata yomweyo. Ine ndinati ndidikire yake ibwere kaye.

Sinabwere. Patatha masabata atatu tinamva kuti kampaniyo yagwa, ndipo ogulitsa aja atseka. Yohane anapita kukaona yekha. Anaipeza galimoto yake kuseri kwa mpanda wa waya, chiwongolero atachotsa, geti lili ndi loko. Mlonda anamuuza kuti chilichonse cha mkatimo chikudikira anthu ogawa katundu wa kampani. Mnzanga anabwerera chimanjamanja, n'kuyamba kusenza matumba pamutu padoko pomwe ankaimika galimoto.

Apa ndi pamene ndinachimwa, ndipo sindizembaitsa. Ndinati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinafufuta uthenga uja m'foni, ndipo aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti vuto linali la galimoto ya Yohane yokha. Ngakhale mkazi wanga sindinamuuze. Yohane anandipeza kamodzi padoko nati, “Achimwene, uthenga uja unabwera kwa tonse awiri.” Ndinamuyankha kuti yanga ndaiyang'ana, ili bwinobwino. Sanabwerezenso.

Koma sinali bwino. Ndikakhotera kumanzere kankamveka kaphokoso pansi pa manja anga, kakuti khethe, kamodzi kokha. Ndinkakamva ndekha. Ndinkayambitsa nyimbo ya kutchalitchi mokweza kuti okwera asakamve, iwo n'kumandiyamikira kuti dalaivala uyu ndi wopemphera.

Loweruka lina m'mawa ndinanyamula Mayi Esinati, mayi wamasiye wa ku Mbungo amene amachita geni ya makaka a chinangwa. Kumbuyo kunadzaza matumba, choncho iwo anakhala kutsogolo pambali panga. Pamtsetse wotsikira kwawo ndinakhota, chiwongolero chinangolobodoka m'manja, tayala la kutsogolo linalowera kwake. Tinagubuduka n'kukatsamira mwala. Ine ndinangosupuka chigongono, koma mwendo wa mayiwo unapanikizika pansi pa chitsulo. Anthu atathamangira n'kuwasolola, wina anafunsa chimene chachitika. Pakamwa panga panayankha ndisanaganize: “Mbuzi. Mbuzi yadutsa.”

Sabata imeneyo mbuzi za ku Mbungo zinaona zakuda. Zonse zinamangidwa zingwe, eni ake anatukwanidwa, chonsecho palibe imene inalakwa. Mayi Esinati anawatumiza kuchipatala cha kumtunda, ndipo anabwerako patatha miyezi iwiri ali ndi ndodo, bondo losapindika.

Nkhululu tinaikankha mpaka kwathu, inakhala pansi pa mtengo wa mango. Chitsulo chake sichinkapezeka kulikonse, poti wopanga anali atafa. Ntchito inatha, pakhomo panavuta, koma chimene chinkandidya si njala ayi. Inali ndodo ija.

Lamulungu lililonse mayiwo ankalowa m'tchalitchi cha ku Chipyela mochedwa, chifukwa cha mtunda. Tchalitchi chathu n'chachikulu, kanthu kakagunda pansi kamamveka mpaka kuguwa. Go, go, go. Ndinkawerama osatembenuka. Kenaka ndinayamba kuimva ndodoyo paliponse: mkazi wanga akamasinja, nkhafi ikagunda bwato, mwana wanga Tiyanjane akamaswa nkhuni. Ndinasiya kupita ku mgonero. Choipitsitsa chinali chifundo cha anthu, amene ankandibweretsera nsomba n'kumati pepani ndi ngozi ija. Ndinkaopa kukumana ndi mayiwo panjira, ndinkaopanso Yohane, amene ankandipatsa moni akuyang'ana pansi.

Miyezi yonseyo ndinkapemphera pemphero limodzi: Ambuye, ndipezereni chitsulo. Kumwamba kunali zii. M'nyengo ya Lenti, ndili m'munda wa chinangwa, khasu langa linagunda mwala katatu, ndipo ndinangokhala pansi n'kulira ngati mwana. Tsiku limenelo ndinapempha china. Ndinati, Ambuye, za chitsulo zisiyeni, ndipatseni miyendo yokafika ku Mbungo. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinasiya khasu pomwepo n'kuuyamba ulendo dzuwa lili paliwombo.

Ndinawapeza akuyanika makaka pathandala. Ndinagwada pafumbi.

“Amayi, panalibe mbuzi.”

“Ndikudziwa, bambo a Tiyanjane,” anatero osasiya ntchito. “Ndinali kutsogolo, maso ali pamsewu. Ngakhale nkhuku panalibe.”

Ndinawauza zonse, za uthenga umene ndinafufuta ndi za kaphokoso kaja. Kenaka ndinafunsa chifukwa chimene sanandiululire.

“Bodzalo linali lanu. Ndikanakulandani, mukanabwera ndi chiyani kuno?” Anatembenuza makaka pathandalapo. “Musaganize kuti sindinakwiye. Kuchipatala kuja dzina lanu ndinkalitchula, ndipo sikunali kukudalitsani. Ndakhululuka. Koma mawu mwanena kwa inewa mukawanenenso Lamulungu, eni mbuzi amve, Yohane amve.”

Ndinakanena. Ndinaimirira pamaso pa mpingo, mkazi wanga akumva koyamba limodzi ndi anthu onse. Ena sanandipatse moni mwezi wathunthu, ndipo sindikuwadandaula.

Thandizo linachokera kumene sindikanaliyembekezera. Mayi Esinati ali ndi mlongo wawo ku Cobue, kutsidya kwa nyanja, a Mateyu, amene amakonza injini za maboti. Anawaitanitsa okha. Bamboyo anafika kwathu, anaizungulira Nkhululu, anailiza, n'kutchera khutu. “Chafa apa ndi chiwongolero, injini njamoyo,” anatero. “Nanga chigayo chimakhota?” Tinagulitsa matayala, mipando ndi denga, tinapeza mutu wa chigayo wakale, a Mateyu n'kulumikiza lamba. Lero Nkhululu ikulira ku Mbungo itamangidwa pa simenti, ikugaya makaka, ndipo sidzagubuduzanso munthu. Pachigayopo timasinthana ndi Yohane. Galimoto yake ikadali kuseri kwa waya kuja, akuti udzu wafika m'mipando.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana kundipatsa chitsulo, chifukwa akanandipatsa, bwenzi lero ndikuimbabe nyimbo mokweza ndi bodza langa m'thumba. Ndikuthokoza Yohane amene anamvera n'kutaya zonse, komabe anandilandira. Inu madalaivala anzanga, akakuuzani kuti galimoto ili ndi vuto, iimikeni, ngakhale kampani itagwa, ngakhale pakhomo patavuta. Njala imatha. Ndipo inu amene mukupemphera kumwamba kuli zii, musaleke, koma yang'anani bwino chimene mukupempha.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Bondo la Mayi Esinati silinapindikenso, ndipo ndodo ija ndimaimvabe, nthawi zina ngakhale iwo kulibe. Ku mgonero ndinabwerera. Mayiwo sagwada, amalandira ataimirira, ndipo polandira pamafunika manja onse awiri. Lamulungu loyamba anayang'ana uku ndi uku kusowa poika ndodo, kenaka anandipatsa ine. Mpaka lero ndine ndimawagwirira.