Chipewa cha Mawaya Chinandigwira Bodza

Yesu Khristu atamandidwe, abale ndi alongo! Ha, mwayankha ngati mwagona ndi njala. Bwerezani. Eya, choncho.

Ine mumandidziwa, pakamwa panga sipatsekeka. Akazi anga aNabanda ndinawatenga chitengwa kwawo ku Nambuma kubwera nawo kuno ku Nsaru, ndipo tinkakhala bwino. Ine kulankhula, iwo kulima.

Ndiye inabwera sitiroko. Inawagwetsera m'munda wa mtedza. Manja zii, miyendo zii, lilime zii. Mutu wokha kumangonjenjemera, osadziwika ngati akuvomera kapena akukana.

Alamu anga, mwinimbumba, anafika. "Alamu, mlongo wathu akadwalire kwawo." Ine ndinawerama, khutu pakamwa pa wodwala, ngati ndikumva kanthu. Ndinadzuka n'kunena kuti, "Akuti sachoka pano."

Abale, sananene! Sananene kanthu! Ndinkaopa kutsala ndekha m'nyumba, basi.

Kenaka kuchipatala cha mishoni kunabwera ana a ku yunivesite ndi chipewa cha mawaya. Tinawatengera aNabanda kumeneko, anawaveka. Akuti ubongo umanong'ona ndi timagetsi, chipewacho chimamvetsera. Wodwala akaganiza zogwedeza dzanja lamanja, ndiye eya. Lamanzere, ayi. Koma poyamba kompyuta yawo inkangomva phokoso: kunjenjemera kuja, kuphethira, kumeza malovu. Ine mtima m'malo, ndati bodza langa lapulumuka. Ndinkawonjezeranso dala tinthabwala kuti nsagwada za aNabanda zigwedezeke, makina asokonezeke. Munthu wa imvi ine! Musaseke, amayi inu kumbuyoko, ndi tchimo limeneli.

Tsiku lina mtsikana woyendetsa makinawo anati, "Agogo, kompyutayi imaphunzira. Taionetsa zonong'ona za maubongo ambirimbiri, tsopano imapeta yokha ngati lichero, gaga uko, mphale kuno. Inunso mukhaleko chete, eti?"

Alamu, amene anali pomwepo, anafunsa, "Mlongo, kodi tizipita kumudzi?"

Pagalasi la kompyutayo panalembedwa kuti EYA.

Anafunsanso. EYA.

Alamu anangondiyang'ana. Bola akanandimenya mbama. Ndinagwada pambali pa bedi, mawondo akulira ngati chitseko chakale. "Mayi, nanga ine nditsale?"

Kenaka pagalasi paja, AYI.

Ndinalira, abale. Ndinalira mpaka namwino anasuzumira.

Lero ndine mkamwini ku Nambuma, mano atatha m'kamwa. Kuno ndangobwera kudzakuonani. Alamu anandidulira kamunda kuseri kwa khola, ndipo ana akumeneko amandituma ngati mnzawo. Ndimawasambitsa aNabanda, ndimawatembenuza, ndimawatulutsa padzuwa. Chipewa chinatsala kuchipatala, timapita akatiitana. Alendo akafunsa zimene wodwala akufuna, ndimayankha kuti sindikudziwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anapatsa ana aja nzeru. Ndikuthokozanso inu amene munkatitungira madzi. Koma funso limodzi ndikulizembabe, loti kodi aNabanda anandikhululukira. Atiitananso mwezi wamawa. Mundipempherere kuti ndikalifunse. Amen.