Situdiyo ya Bambo Anga

Olemekezeka a Wapampando wa komiti yoyendetsa sukuluyi, a Mphunzitsi Wamkulu ndi aphunzitsi nonse, akuluakulu amene mwapereka zipangizo, alendo athu, komanso inu ophunzira oyamba, amene ena mwabwerera m'kalasi imvi zitamera kale: ndakupatsani moni nonse.

Ndikuthokoza pondiitana, koma mundikhululukire, sindinabwere ndi nthabwala. Ndabwera ndi nkhani ya bambo anga.

Bambo anga anali wojambula zithunzi. Situdiyo yawo inali pakona ya msewu, ndipo kuseri kwake kunali kachipinda kamdima konunkha mankhwala otsukira zithunzi, momwe ngakhale amayi sankalowa osagogoda. Ukwati umene iwo sanajambule, anthu ankati sunachitike.

Tsiku lina kasitomala wawo wakale anabwera kudzawaonetsa chithunzi cha mdzukulu wake pafoni. Atachoka ndinati, "Ababa, zinthu izi zitilanda ntchito. Tiyeni tikaphunzire kompyuta." Iwo anaseka nati, "Mwanawe, chithunzi chosagwirika m'manja si chithunzi. Mphepo imeneyi idutsa."

Mphepoyo sinadutse. Mabenchi anachita fumbi, mankhwala anasowa m'masitolo, komabe m'mawa uliwonse bambo ankavala tayi, kupukuta kamera, n'kukhala pakhomo kudikira anthu amene ankangowapatsa moni n'kupitirira. Ine nditapita kukaphunzira, anati ndawanyoza.

Situdiyo itatsekedwa, mwini nyumba anaikamo sitolo ya mafoni, ndipo powamvera chisoni anawalemba ntchito yolondera pakhomo pomwepo. Ndinawapeza tsiku lina mayi wina akuwapempha kuti amujambule ndi foni yake. Anaitembenuzatembenuza osadziwa pokanikiza, mpaka mayiyo anaitenga n'kupatsa munthu wodutsa. Bambo atandiona anayang'ana pansi nati, "Kodi ungandiphunzitsebe?" Tinapangana kuti tiyamba mwezi ukatha. Mwezi usanathe anagwa pantchito, ndipo sanadzukenso.

Ndikuona ena mwawerama. Mundimvetse bwino: bambo anga sanali aulesi, sanalinso opusa. Anali katswiri, ndipo ukatswiri womwewo ndi umene unawaphimba m'maso. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ine ndaona kuti nthawi zina chimaimba ndithu, ife n'kumati ikulira kwa aneba.

Makina onyezimira amene mwawaona m'zipinda umu nawonso adzakalamba, mwina satifiketi yanu isanachite n'komwe fumbi pakhoma. Choncho musamangodzifunsa kuti kodi ntchito yanga ndikuidziwa. Muzidzifunsanso kuti kodi anthu adzaifunabe, ndipo yankho likakhala lowawa, mulimeze mawondo akadali olimba.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti sukulu yophunzitsa ntchito zatsopanoyi yatsegulidwa tsopano. Mawa m'mawa aphunzitsi akupezeni muli kale pamipando.

Zikomo kwambiri.