Mpesa Umene Sitinaufunditse

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1941 ku Abruzzo, m'dziko la Italy, m'banja la a Scarsella, lopanga vinyo kuyambira kale. Dzina lawo ndi bambo Ottavio. Mu 1949 bambo awo, a Amedeo, anabwera nawo kuno ku Charleroi, m'dziko la Belgium, kudzakumba malasha. M'chikwama munalibe chuma, koma kanthambi ka mpesa wa kwawo, kozika m'mbatatesi kuti kasaume panjira. Anakabzala kuseri kwa nyumba, ndipo kanaphuka.

Malemu sukulu anailekeza mu 1955 n'kulowa ntchito kufakitale ya magalasi, kumene anagwira zaka makumi anayi. Mu 1966 anamanga banja ndi mayi Nives. Okutobala aliyense ankafinya mphesa m'galaja monga anawaphunzitsira bambo awo. Ambirinu munamwako vinyoyo, ena mpaka kuiwala njira ya kwanu.

Mpesawo sugwirizana ndi chisanu cha kuno. Choncho Novembala aliyense malemu ankaugoneka pansi n'kuufunditsa mapesi a tirigu. Tinkawaseka kuti akulera khanda. Iwo ankangoti, "Sekani, koma bwerani mudzaone kachitidwe kake." Palibe anapita, ngakhale ine mwana wa mlongo wawo.

Pa 4 Novembala 2011 anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a m'mapapo. Tsiku ndi tsiku ankafunsa ngati taufunditsa. Tinkavomera kuti asade nkhawa, mumtima tikuti tichita mawa. Kumayambiriro kwa mwezi uno chisanu chinaupha mpaka kumizu. Malemu anatisiya pa 20 Febuluwale 2012, asakudziwa kanthu, akutiyamika.

Asiya mayi Nives, ana awiri, Renzo ndi Graziella, ndi adzukulu asanu. Tikuthokoza anamwino, bambo mfumu ndi nonse mwatipepesa.

Tsono abale, manyazi ndaika pambali. Malemu ankagawira anzawo nthambi za mpesawu, ndipo sitikudziwa kuti anapatsa ndani. Mwina uli kuseri kwa nyumba ya makolo anu, mwina mumauyesa tchire. Chonde, tagwira mwendo wanu, kayang'aneni lero lomwe! Masamba akangophuka mu Epulo, nthawi yodula nthambi yatha, ndipo mayi Nives akuti safuna kufika chaka chamawa pabwalo pali chitsa chouma. Tikupempha kanthambi kamodzi kokha. Renzo wagula kale mbatatesi.

Malume, mzimu wanu uuse mumtendere. Pamaso pa anthu onsewa tikuulula: tinakunamizani, sitinaufunditse. Tikhululukireni.