Amayi Atelala, Amene Anadwazika Mkazi Mnzawo

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1951, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anaiyamba mu 1959, koma analekeza ali Sitandade 6 bambo awo atamwalira. Mu 1968 azakhali awo anawaphunzitsa kusoka, ntchito imene anaigwira zaka zoposa makumi asanu. Ambirinu mumangowadziwa kuti Amayi Atelala, chifukwa makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, moyang'anana ndi pokwerera basi.

Pa 5 Ogasiti 1972 anamanga ukwati woyera ndi bambo athu, amene anali dalaivala wa lole, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Mu 1986 bambo anachoka pakhomo n'kukakwatira mkazi wina. Apa sitibisa, poti eni akewo ankanena poyera: mtima unawawawa kwambiri. Kutchalitchi sankajomba, kwaya ankaimba, koma akakumana ndi mayi uja pamsewu ankayang'ana kumbali n'kulavula.

Mu 1990 zinthu zinasintha. Malemu ankachitira umboni kuti tsiku lina masana, akusoka yunifolomu, anazindikira kuti iwo ankangopereka kwa Ambuye Lamlungu lokha, masiku enawo ankadzilamulira okha. Anagwada pambali pa makinawo n'kupereka zonse. Kuyambira pamenepo, nsalu yotsala ankaibweza kwa mwini wake, ngakhale kachidutswa kongokwana mpango wa m'manja. Akanena kuti diresi lituluka Lachitatu, linkatulukadi Lachitatu, mpaka atelala anzawo ankadandaula kuti akuwaonongera mbiri.

Bambo anamwalira mu 1994. Mu Meyi 1996 mayi uja anafa ziwalo mbali imodzi, ali ndi ana atatu ang'onoang'ono, wowasamala palibe. Malemu atamva, anafunditsa makina awo nsalu, napita kukamutenga pamodzi ndi anawo. Anamugoneka pabedi pawo, iwo n'kumagona pansi. Anamusambitsa, kumudyetsa ndi supuni ndi kumutembenuza kwa miyezi khumi ndi umodzi. Sizinali zophweka. Makasitomala anathawa, anansi ankawaseka, ndipo achimwene athu aakulu anakwiya n'kukhala zaka ziwiri osaponda pakhomo. Malemu anangowayankha kuti, akanafunsa mtima wawo akanakana, koma nyumbayo ili ndi Mwini wake, ndipo ndi Iyeyo amene amasankha wogonamo.

Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mwana woyamba wa mayi wodwalayo. Mayi anga anamwalirira m'manja mwa malemuwa mu Epulo 1997. Ife atatu sitinachokenso pakhomo paja. Anatiphunzitsa sukulu, anatikwatitsa, ndipo diresi langa la ukwati anasoka okha.

Mu 2019 matenda a shuga anawaononga maso, moti ulusi sunkalowanso pasingano. Kusiya makina kunawapweteka, ndipo analira sabata yathunthu. Kenako anaitana mayi wina wamasiye wa kutchalitchi kwathu, namupatsa makinawo, n'kumakhala pambali pake kumuphunzitsa, msoko akuupapasa ndi zala. Pa 2 Juni chaka chino anagonekedwa m'chipatala impso zitasiya kugwira bwino ntchito. Achimwene aakulu aja ndiwo anakhala pambali pa bedi lawo masiku onse asanu ndi anayi, kufikira Ambuye anawaitana pa 11 Juni m'mawa.

Malemu asiya mchemwali wawo mmodzi, zidzukulu khumi ndi zisanu ndi zinayi, zidzukulutudzi zitatu, ndi ana asanu ndi awiri. Anatilangiza kuti pa tsiku ngati lero tisadzanene kuti awa ndi obereka, awa ndi olera, ndipo tamvera.

M'malo mwa banja, tikuthokoza madokotala ndi anamwino, abusa ndi amayi a mpingo, atelala anzawo amene asoka nsalu ya m'bokosi, adzukulu okumba manda, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatigwira dzanja.

Amayi, ntchito mwaimaliza. Usani mumtendere m'manja mwa Ambuye amene munawatumikira.