Funso la Netiweki

Pamzere wodikira basi, mayi wina wokonza makompyuta ankafuka ndi ukali, uku akudandaulira bambo wachikulire yemwe sankamudziwa n'komwe.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndili pantchito, bambo! Ndiye ubwana wa dipatimenti akupatsa munthu wosasiyanitsa waya ndi chingwe cha nsapato."

"Pokuyesani anakufunsani chiyani, mayi?"

"Akuti, 'Netiweki yafa inu muli pamsonkhano, mutani?' Ine ndinati ndituluka ndikakonze ndekha. Mphindi zisanu basi."

"Nanga mnzanuyo?"

"Akuti akhala phee pampando, atume antchito ake, iye azitonthoza makasitomala. Ulesi umenewo ndiye akuutcha utsogoleri! Mawa ndikupereka kalata yosiya ntchito. Aziona okha."

"Pansi panu pali anthu angati?"

"Asanu."

"Angathe kukonza inu kulibe?"

"Amenewo? Ndiwapatse pasiwedi kuti andiphwanyire zinthu?"

Bambo uja anaseka. "Ndiye akukwezani bwanji, mayi? Mwadzikhomera nokha pansipo ndi misomali. Mukakwera, mawayawo atsala ndi ndani?"

Mayi uja anatsitsa mawu.

"Chabwino, kalatayo ndiyamba ndasunga. Ndiwaphunzitsa. Koma pasiwedi yokha ayi, bambo, ndakana!"