Plazima Yoonetsa Zala

Pa siteji ya basi, bambo wina anakhala pa benchi atakumbatira katoni yaikulu ya plazima. Mayi amene anali pambali pawo anayamba kuwafunsa.

"Bambo, chonsechi n'cha mpira?"

"Ayi mayi, n'cha mwana wanga wamkazi. Samva. Paja pa nkhani pamakhala munthu pakona womasulira ndi manja? Pa TV yathu yakale amaoneka ngati nyerere."

"Ndiye mwasankha bwanji?"

"Wogulitsa amangotamanda masipika. Ine ndinati, 'Zimitsani mawu, achimwene, ndione ngati zala zikuwerengeka.' Iyi ndiyo inapambana."

"Nanga kulumikiza mukudziwa?"

"Apo ndiye pali ntchito. Zingwe ine zimandisokoneza."

"N'chimodzi chokha, chamutu wophwatalala. Mbali ina ku dikoda, ina kumbuyo kwa TV. Chikakana kulowa musakakamize, mungochitembenuza. Amuna anga anakakamiza, tinatha sabata tikuonera khoma."

"Ndamva, mayi. Ndikufuna madzulo ano akhale nafe pa sofa."

"Kale amakhala pati?"

"Kutsogolo kwenikweni, mphuno atagunditsa pa galasi. Ife tonse, m'malo mwa nkhani, takhala tikuonera nkhongo yake."