Chitseko Chotsegulira ku Balaka

Eee, za a Zubairu zija simunamve? Atatopa ndi kuyendetsa thiraki ya abwana anagula kalole kawokawo ka filiji, ndipo tsiku loyamba lomwelo, atapakira chambo cha ku Chiuta, anakhotera pa Nselema kukadzionetsera kwa azakhali awo, Abiti Bakari, amene anakalambira pa geni ya nsomba zouma. Chambocho chimapita ku hotela ina ku Balaka, komwe anawauziratu kuti chikafika bwino azibweretsa sabata iliyonse, koma chikanunkha asadzapondekonso.

"Zimitsa chiphokosocho!" anakuwa azakhali ali pakhonde. "Moni wa pachigayo sindilandira ine."

A Zubairu anazimitsa injini mwaulemu n'kukhala pamkeka. Moni, tiyi, mpunga, nkhani za mabanja onse amene atha kwa Kawinga, mpaka dzuwa la Okutobala lija linadutsa paliwombo. Ndiye azakhali anadzuka kukayendera galimoto.

"Katundu ali kuti? Ndikungoona chibokosi."

"Ali m'katimo, azakhali. Chambo chachiwisi."

"Wachitumbula?"

"Iyayi."

"Mchere?"

"Iyayi."

"Windo lili mbali iti?"

"Mulibe windo."

Azakhali anagwira pakamwa. "Nsomba yaiwisi, yosatumbula, m'nyumba yopanda windo! Iwe Zubairu, anakulodza ndani?"

"Ndi filiji imeneyi, azakhali. M'katimo mukuzizira ngati ku Dedza mu Juni." A Zubairu anasolola pepala m'thumba la malaya, n'kulitambasula monyadira. "Amene anandigulitsa galimotoyi analemba apa: osatsegula chitseko mpaka utafika kokatsitsa katundu. Ndiye kuti ku Balaka."

"Pepalalo linagulitsapo nsomba pamsika uti?"

"Pepala siligulitsa nsomba, azakhali."

"Ndiye likhale chete. Tsegula, tiziyanike pathandala langa dzuwa lisanalowe."

"A hotela akufuna zaziwisi!"

"Akaziviika m'madzi. Alibe mpopi ku Balakako?"

A Zubairu anakaima pachitseko atatambasula manja ngati goloboyi. Azakhali anamanganso chitenje, ndipo amene amawadziwa amadziwa kuti akatero nkhani yafika povuta.

"Chabwino. Nanga alendo akowa wawalipiritsa zingati?"

"Alendo ati? Ine sindichita matola."

"Ntchentchezi."

"Sizingalowe. Chitseko chili ndi mphira m'mbali monsemu."

"Sindikunena zolowa ine. Ntchentche imapita pamaliro isanamve uthenga?"

"Palibe wamwalira, azakhali."

"Ehe. Nanga galimoto yakoyi ikukodza chifukwa chiyani?"

A Zubairu anasuzumira pansi. Madzi amadontha, dontho, dontho, nkhuku zikumwa.

"Ndi thukuta la makina limenelo."

Azakhali anaviika chala n'kununkhiza. "Makina ako amasamba ku Chiuta eti?"

"Azakhali, inu simudziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuyendetsa filiji ine! Makina akamagwira ntchito, mumangomva akulira kuti wuuu. Tamverani nokha."

Anatchera khutu onse awiri. Zii. Kutali uko, mbuzi inalira.

Apa m'pamene a Zubairu anakumbukira, abale inu. Thiraki ya abwana ija, filiji yake inali ndi injini yakeyake, moti ungaimike galimoto tsiku lonse iyo ikungozizira. Koma kalole kawoka, ukazimitsa injini, filiji nayo imagona tulo. Ndiye yakhala ikugona kuyambira pa moni uja.

Anatsegula chitseko pang'ono pokha, kulowetsa mphuno, n'kutseka msangamsanga. Agalu awiri amene amagona pansi pa mtengo wa mango anadzuka n'kubwera akugwedeza michira. Za hotela zinathera pomwepo. Chotsala chinali kupulumutsa nsomba zapansi, zimene zinali zidakali pa ayezi pang'ono.

A Zubairu anavula chipewa, n'kunjuta, mawu atachepa ngati a mwana woba shuga.

"Azakhali... thandala lija n'lalikulu bwanji? Mchere ulipo? Titsegule tiyambepo, chonde."

Abiti Bakari anatola pepala lija pamene linagwera, analikuntha fumbi, analigwira chozondoka, n'kuliyang'anitsitsa ngati ashehe akuwerenga chitabu.

"Iyayi, mwanawe," anatero akubwerera pamkeka. "Apa alemba kuti mpaka ku Balaka."